Nkhokwe ya Nsomba ya ku Luambe

Ku Kapichila kulibe mtsinje waukulu woti munthu nkuyendapo ndi bwato. Timitsinje ta kumeneko timapatsa anyamata matemba ndi timilamba pa nyengo ya dzinja, koma nsomba zouma za pa msika zimacokera kutali, zina ku nyanja ya Malawi, zina ku cigwa ca Luangwa kumene madzi a mtsinje wa Lundazi amakathera. Cifukwa cace mlandu wa asodzi a ku cigwa ukhudza anthu a kumtunda omwe.

Ku cigwako kuli nkhalango ya Luambe, imene Boma linaipatula m'caka ca 1972 kuti ikhale paki yosungiramo nyama, ndipo malire ace a kumadzulo ndiwo mtsinje wa Luangwa. M'madzi a m'kati mwa paki munthu saloledwa kuponya ukonde kapena kuchera mono. Asodzi ambiri amadandaula nalo lamuloli. Iwo amati nkhalango anaipatulira njobvu ndi njati, nanga nsomba zalowamo bwanji?

Koma lamuloli nlabwino, ndipo woyamba kupindula nalo ndiye msodzi mwini wace. Mvula ikagwa, Luangwa amasefukira nadzaza madambo ndi maiwe amene anawasiya kale posintha njira yace. Pamenepo milamba imakwera m'udzu womira kukaikira mazira. Nsomba zina zimakumba timaenje pa mcenga, ndipo mai amasunga mazira ndi ana m'kamwa mwace kufikira atalimba. Wogwira mai wotere wapha banja lonse ndi dzanja limodzi. M'maiwe a m'paki tiana timeneti timakula popanda wotibvuta. Ngakhale mvuu, imene opalasa bwato amaiopa koposa ng'ona, imathandizako: usiku imadya msipu ku mtunda, usana nkumanyera m'madzi, ndipo ndowe zace zimadyetsa tizilombo timene nsomba zimadya. Tsono nsomba sidziwa malire a Boma. Zikakula zimatsika ndi mtsinje, zina zimakwera, mpaka kukodwa m'maukonde a anthu a kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya. Mlimi wa nzeru sakazinga mbeu yace ngakhale njala imuwawe, ndipo Luambe ndiyo nkhokwe ya mbeu ya asodzi.

Palinso lamulo lina loletsa kusodza pa mitsinje yambiri ya m'Zambia kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale, pakuti ndiyo miyezi imene nsomba zimaswana. Apa dandaulo la msodzi liyenera kumveka. Miyezi imeneyi ndiyonso ya njala, pamene cimanga cakale catha ndipo catsopano sicinace. Munthu amene anatha masabata akusema bwato ndi kasemasema, amene amapalasa mbandakuca pakati pa mvuu ataima ciriri ndi nkhafi m'manja, sali mbala ai. Ngati dziko limuuza kuti aguze bwato lace pa mtunda miyezi itatu, nkoyenera kuti gawo la ndalama zimene nyama za m'cigwa zimabweretsa lizifika ku mudzi kwace moonekera, ndi pa nthawi yace.

Komabe coononga cacikulu sindico bwato kapena mbedza. Ndico katupe wothiridwa m'dziwe, amene amapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndiponso ukonde wa udzudzu. Ukondewu umaperekedwa ku cipatala kuti ana asadwale malungo. Ena amausoka pamodzi ndi unzace nakokolola nawo dziwe lonse, kotero kuti nyumba imodzi yomweyo imataya nsomba za caka camawa, ana nkumagona polumidwa.

Nsomba zotere sizithera ku cigwa. Zimakwera mapiri pa njinga m'madengu, nkufika pa msika wa ku Lundazi ndi m'midzi ya kwa Kapichila, ndipo amene amazigula ndiwo amatuma msodzi kubwereranso ku dziwe. Kuzizindikira sikubvuta. Mwana aliyense wa sukulu amene anawedzapo adziwa kusiyanitsa matemba okhwima ndi tiana ta mlamba, pakuti tiana ta mlamba tili ndi ndebvu ndi mutu wophwathalala ngakhale titacepa ngati cala. Mwana wotere akatumidwa ndiwo m'mwezi wa Januwale napeza mulu wa timeneti, angathe kuupitirira, nakagula nyemba kapena mfutso, nafotokozera amace cifukwa cace pofika ku nyumba.