Malikesi othera pa kava peji

Munthu akakwera basi ku Avondale kulowera m'tauni ya Lusaka pamsewu wa Great East, amadutsa koleji ya NRDC ku Chelstone, Levy Mwanawasa Medical University pafupi ndi Chainama, kenako yunivesite ya UNZA, yomwe idatsegulidwa mu 1966. Akalunjika kum'mawa apeza University of Lusaka ku Silverest ndi yunivesite ya Chalimbana ku Chongwe. N'chifukwa chake timashopu topulinta ndi kuchita fotokope m'misika ya kuno sitisowa makasitomala. Koma tsamba limene limabwerera kawirikawiri kuti likonzedwenso si la m'kati momwe muli mfundo zovuta. Ndi loyamba lenilenilo, kava peji, pamodzi ndi kamzere ka pamwamba pa tsamba lililonse kamene Microsoft Word imakatcha header.

Chisokonezo chimayamba chifukwa malamulo ake si amodzi. Buku la malamulo a kalembedwe la APA lachisanu ndi chimodzi, la 2009, linkafuna kuti pamwamba pa tsamba loyamba palembedwe mawu akuti Running head, kenako mutu wofupikitsidwa m'zilembo zikuluzikulu zosapitirira 50. Lachisanu ndi chiwiri, lomwe lidatuluka mu October 2019, lidachotsa mawu awiriwo, ndipo lidanena kuti pepala la wophunzira silifunikanso mutu wofupikitsidwawo pokhapokha mphunzitsi ataufuna. Nambala ya tsamba kudzanja lamanja ndi yokwanira. MLA, yomwe anthu a zamabuku ndi zilankhulo amaikonda, safuna n'komwe tsamba lapadera la mutu: dzina, mphunzitsi, phunziro ndi tsiku zimalembedwa kumanzere pamwamba pa tsamba loyamba. Nanga Harvard, imene malekichala ambiri amaitchula ngati lamulo la Mose? Ilibe buku limodzi lolamula onse; sukulu iliyonse imaumba yakeyake. Choncho wophunzira akhoza kutsatira molondola zimene wawerenga pa intaneti n'kukalandira cholembera chofiira kwa lekichala amene adaphunzira buku lakale.

Amene amaumirira pa zimenezi ali ndi zifukwa zomveka, ndipo si bwino kuwaseka. Kalasi ya chaka choyamba imatha kukhala ndi ophunzira mazanamazana. Pepala lopanda computer number ya wophunzira, lopanda khodi ya phunziro kapena dzina la tutor, ndi kalata yopanda keyala: malikesi akhoza kupita kwa wina kapena kusowa ndithu. Sitepula ikamasuka, nambala ya tsamba ya pamwamba ija ndi yokhayo imene ingabweze tsamba pamalo pake. Pa dizeteshoni nkhani imakula. Woyesa wochokera kuyunivesite ina akalemba kuti tebulo la patsamba 47 likonzedwe, tsamba 47 liyenera kukhala lomwelo kwa aliyense. Magazini ambiri a kafukufuku amafuna tsamba la mutu lipatulidwe kuti wounika asadziwe amene walemba. Palinso mfundo ya khalidwe: namwino, loya kapena wowerengera ndalama amene sadazolowere kutsatira kalembedwe koikika adzavutika pantchito, pomwe fomu yolakwika imabwezedwa popanda kukambirana.

Zonsezi n'zoona. Komabe funso limene silifunsidwa mokwanira ndi lakuti: malikesi a maonekedwewo akuyesa chiyani? Taonani zimene dizeteshoni imafuna. Tsamba la mutu lisakhale ndi nambala yooneka. Masamba oyambirira, monga chidule ndi mawu othokoza, akhale ndi manambala achiroma. Chaputala choyamba chiyambirenso pa 1. Kuti izi zitheke mu Word, munthu ayenera kudziwa kuika section break ndi kumasula batani la Link to Previous. Ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa amene adakula ndi laputopu m'nyumba. Kwa amene amalemba asayimenti pafoni, kapena wobwereka kompyuta ya mnzake usiku, ndi chipupa. Ena amapezanso kuti pulogalamu yawo idatcheredwa pa pepala la Letter la ku America, pomwe kuno timagwiritsa ntchito A4 ya mamilimita 210 ndi 297, ndiye mizere imasuntha ikafika pa makina opulintira. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo kukonza kadontho kamodzi kunkatanthauza kudikira kapena kulipira shopu ya jenereta. Mapeto ake wophunzira amangopereka ndalama kwa mnyamata wa pashopu kuti amukonzere. Malikesi amenewo apita kwa ndani? Kwa amene ali ndi makwacha m'thumba.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti nthawi zambiri zokongoletsa ndi zimene zimalimbikiridwa, chizindikiro cha sukulu chamitundumitundu, malire a maluwa kuzungulira tsamba, pomwe APA yeniyeniyo imafuna tsamba losalira zambiri.

Kwa ine, olimbikira malamulowo akulondola pa cholinga koma akulakwitsa pa chilango. Kava peji ndi header ndi zothandiza kuti pepala lisasochere. Sizionetsa ngati mwana wamvetsa phunziro. Dipatimenti iliyonse ikonze fayilo imodzi yachitsanzo, yotcheredwa kale pa A4, inene poyera buku limene ikutsatira ndi chaka chake, ndipo malekichala onse a m'dipatimentimo agwiritse ntchito yomweyo. Pamwamba pa tsamba lililonse pakhale computer number m'malo mwa dzina, kuti wochonga asakopeke ndi dzina la mtundu kapena la banja lodziwika. Pepala losatsatira chitsanzocho libwezedwe kuti likonzedwe, osati kudulidwa malikesi ofanana ndi a funso lathunthu. Akuluakulu a madipatimenti, fayilo imeneyi siingakutengereni tsiku lathunthu. Ikonzeni semesita ikubwerayi isanayambe.