Kandodo ka pansi pa chiwongolero cha Land Rover yakale

Kuminda yozungulira tauni ya Concession, m'boma la Mazowe ku Mashonaland Central, galimoto yakale ya Land Rover imagwira ntchito zambiri: imanyamula feteleza ndi mabelo a fodya, ndipo usiku imasanduka ambulansi yothamangitsira wodwala ku chipatala cha Concession kapena cha Howard ku Chiweshe. Ena mwa madalaivala ndi amakaniko amene ankazisamala kale anali ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Minda itayamba kugawidwa m'chaka cha 2000, ambiri a iwo anachotsedwa ntchito n'kumwazikana. Galimoto zinasintha manja, mabuku ake anasowa, ndipo nzeru ya mawaya inapita ndi eni ake. Motero lero nyali zikazima pamsewu, woyendetsa amathyola chivundikiro cha pansi pa chiwongolero n'kuyamba kugunditsa mawaya mongoyerekeza. Pamenepo m'pamene galimoto zambiri zimapsera.

Chinthu choyamba ndi kudziwa mtundu wa galimotoyo. Pa Series IIA, imene inapangidwa kuyambira 1961, hutala ili pakati pa chiwongolero ndipo swichi yodimira nyali ili pansi, yoponda ndi phazi. Munthu angaifune kuchiwongolero tsiku lonse osaipeza. Pa Series III, ya 1971 mpaka 1985, ntchito zinayi zinaunjikidwa pa kandodo kamodzi: kukakankhira m'mwamba kapena m'munsi ndi maindiketa, kukakankhira kutsogolo ndi nyali zowala patali, kukakokera kwa dalaivala ndi kuphethiritsa nyali, ndipo kukadina kunsonga ndi hutala. Swichi yaikulu ya nyali ndi ya mawaipa zili pa dashibodi. Pa 90, 110 ndi Defender yakale, imene inaleka kupangidwa mu Januwale 2016, maswichi awiriwa anasamukira kuchiwongolero, choncho tindodo tinachuluka.

Zilembo za pa tindodoti zinafufutika kalekale ndi thukuta ndi dzuwa. Chimene chimatsala ndi mitundu ya mawaya, pakuti kampani ya Lucas ndi mafakitale a galimoto ku Britain ankatsata dongosolo limodzi. Waya wa bulawuni umachokera ku batire, ulibe fyuzi, ndipo uli ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba. Woyera umalandira moto kiyi akatembenuzidwa. Woyera wa mzere wofiira umapita ku sitata. Wobiriwira wa mzere woyera ndi wa indiketa yakumanja, wobiriwira wa mzere wofiira ndi wa yakumanzere. Wabuluu umabweretsa moto kuchokera ku swichi yaikulu ya nyali kudza ku kandodo, kumene umagawika pawiri: wabuluu wa mzere woyera ndi wa nyali zowala patali, wabuluu wa mzere wofiira ndi wa nyali zodima. Wofiira ndi wa tinyali tam'mbali ndi takumbuyo. Wakuda umamangidwa ku chitsulo cha galimoto kuti moto ubwerere ku batire. Mitundu imeneyi siigwira ntchito pa Toyota Land Cruiser. Aku Japan ali ndi dongosolo lawo.

Komabe mtundu wa waya ndi mboni chabe, ndipo mboni yokalamba imaiwala. Patapita zaka 40, buluu ndi wobiriwira zimafanana, ndiponso n'zosowa kupeza galimoto yapafamu imene sinalumikizidwepo ndi waya wa ayironi kapena wa wailesi. Woweruza weniweni ndi babu ya mavoti 12 yomangiriridwa mawaya awiri, chida chimene mlimi aliyense angapange yekha. Asanatsegule chivundikiro, wokonza achotse waya wa batire, avule wotchi ndi mphete, ndipo ajambule mawayawo ndi foni momwe alili. Akatero abwezere batire, agwirize mbali imodzi ya babuyo ku chitsulo choyera, ndipo ndi mbali inayo akhudze waya umodziumodzi.

Tinene kuti nyali zakutsogolo sizikuyaka. Swichi yaikulu ikayatsidwa, waya wabuluu uyenera kuyatsa babuyo. Ngati suyatsa, kandodo n'kosalakwa. Vuto lili ku swichi yaikulu kapena ku waya wa bulawuni woidyetsa. Ngati wabuluu uli ndi moto koma wa mzere wofiira ndi wa mzere woyera ilibe, ndiye kuti zitsulo za mkati mwa kandodo zapsa. Ngati yonse ili ndi moto pachiwongolero koma nyali zili mbuu, wokonza apite kutsogolo akaone timfundo tolumikizira mawaya ndi waya wakuda, popeza matope a dzinja amadyetsa dzimbiri pamalo amenewo. Maindiketa nawo amadziulula okha: mbali imodzi ikafa, kawirikawiri ndi babu kapena waya wakuda, zikafa zonse ziwiri, ayambe kuona fyuzi ndi kachida kophethiritsa asanagule swichi yatsopano. Pa Series III kabokosi ka mafyuzi kali pomwepo, pansi pa chiwongolero. Kukulunga fyuzi yakupsa ndi pepala lonyezimira la fodya n'kuchotsa mlonda pakhomo.

Funso limene amakaniko ochepa amafunsa n'lakuti: kandodoko kanapsa chifukwa chiyani? Pa galimoto zimenezi moto wonse wa nyali umadutsa mkati mwa kandodo. Mababu awiri a mawati 60 amakoka maampu pafupifupi 10. Mwini galimoto akatopa ndi mdima n'kuika a mawati 100, moto umakwera kufika maampu pafupifupi 17, tizitsulo timatentha, pulasitiki n'kusungunuka. Kandodo katsopano kadzapsanso chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi ma relay awiri, wina wa nyali zodima, wina wa zowala patali, odyetsedwa kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi yawoyawo, kuti kandodo kazingotumiza uthenga, katundu wolemera azisenza ndi relay. Mtengo wa awiriwo nthawi zambiri sufika pa wa kandodo kamodzi.

Chenjezo lina likukhudza galimoto zakale kwambiri. Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 zinatuluka m'fakitale mbali ya (+) ya batire ndiyo itamangidwa ku chitsulo, mosiyana ndi galimoto za masiku ano. Zambiri zinasinthidwa, zina ayi. Babu yoyesera siisamala zimenezo, koma tchaja ya foni, wailesi ndi mababu ambiri a LED zimasamala. Wantchito wa zaumoyo kapena mlangizi wa zaulimi amene wabwereka galimoto yotere ayang'ane kaye pa batire asanalumikize chilichonse, ndipo ayese nyali, maindiketa ndi hutala dzuwa likadalipo.