ZA UMOYO M'BANJA: Yisiti Ikalowa M'magazi

Yisiti tonse tiidziwa, pakuti ndiyo itupitsa buledi ndi mabanzi. Koma yisiti imeneyi ili ndi abale ake amene amadwalitsa munthu. Amai ambiri anaonapo zoyera ngati mkaka wosasa pa lilime la khanda. Zimenezo zimadza ndi yisiti yochedwa Candida, ndipo sizivuta kuciza. Koma thupi likafooka cifukwa ca HIV, khansa kapena opaleshoni yaikulu, yisiti imatha kulowa m'magazi ndi mu ubongo, ndipo pamenepo moyo uli pa ngozi. Mwezi uno tifuna kuyerekeza mankhwala atatu amene madokotala amasankhapo pa matenda otere.

Oyamba ndi amphotericin B, amene anapezeka m'ma 1950 kucokera ku tizirombo ta m'dothi la ku Venezuela. Ndi mankhwala amphamvu, opha mitundu yambiri ya yisiti, koma amaperekedwa pa dripu, ndipo amatha kunjenjemeretsa wodwala, kucepetsa magazi ndi kuononga impso. Pambuyo pake akatswiri anawakuta m'timadontho ta mafuta, nawacha liposomal amphotericin B. Mtundu umenewu suvutitsa impso kwambiri, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera.

Aciwiri ndi fluconazole, amene anafika mu 1990. Awa ndi ochipa, amapezeka ngati mapiritsi, ndipo ambiri a ife tinawaonapo. Koma kawirikawiri amangoletsa yisiti kuswana, osaipha msanga. Ndiponso pali mitundu imene siwamva: Candida krusei siwamva mwacibadwa, ndipo Candida auris, imene inadziwika koyamba ku Japan mu 2009 nifala m'zipatala za maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, nthawi zambiri siwamvanso.

Acitatu ndi gulu la echinocandin, amene amaphwanya khungu lakunja la yisiti: caspofungin wa mu 2001, micafungin wa mu 2005 ndi anidulafungin wa mu 2006. Onse ndi a pa dripu. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2007, pa odwala 100 alionse a Candida wa m'magazi, pafupifupi 76 anapeza bwino ndi anidulafungin, pamene 60 okha ndiwo anapeza bwino ndi fluconazole. Comweco madokotala amayamba ndi echinocandin kumene alipo, ndipo wodwala akayamba kucira, yisitiyo nipezeka kuti imamva fluconazole, amamsinthira ku mapiritsi. Mankhwala amapitirira masiku 14 kucokera pa tsiku limene magazi apezeka opanda yisiti.

Kodi tinene kuti echinocandin ndiye mfumu ya onse? Iai. Pali yisiti ina yochedwa Cryptococcus, imene imatupitsa zokuta ubongo ndipo yatenga abale athu ambiri okhala ndi HIV kuno kwathu. Pa yisiti imeneyi echinocandin alibe nchito konse. Kwa zaka zambiri zipatala zathu zinali kudalira fluconazole yekha, ndipo odwala oposa theka anali kumwalira asanathe masabata 10.

Kafukufuku wochedwa ACTA, amene anacitika m'Zambia, Malawi, Tanzania ndi Cameroon pa odwala oposa 700, nafalitsidwa mu 2018, anaonetsa njira yabwinopo. Mwa amene analandira amphotericin B kwa sabata imodzi pamodzi ndi mankhwala ena ochedwa flucytosine, pafupifupi 24 pa 100 ndiwo anamwalira. Mwa amene anamwa mapiritsi okha a fluconazole ndi flucytosine, anamwalira 35 pa 100. Mu 2022 kafukufuku wina wochedwa AMBITION anaonetsa kuti dripu imodzi yokha ya liposomal amphotericin B, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imathandiza mofanana ndi dripu ya sabata yonse, koma mavuto ake ndi ocepa. Caka comweco bungwe la World Health Organization linavomereza njira imeneyi kukhala yoyamba.

Phunziro lathu ndi lakuti palibe mankhwala amodzi opambana pa yisiti iliyonse. Dokotala ayenera kudziwa mtundu wa yisiti asanasankhe, ndiye cifukwa cake amapempha kupima magazi kapena kutenga madzi a mumsana. Mabanja ambiri amaopa kutenga madziwo, poganiza kuti ndiko kumapha wodwala. Zoona zake n'zakuti kumaonetsa nthendayo, ndiponso kumacepetsa madzi opanikiza ubongo, mutu nuleka kuwawa.

Tsono m'bale wathu wokhala ndi HIV akamva mutu wosaleka kwa masiku angapo, khosi kuuma, kusanza kapena kusokonezeka maganizo, tisamgulire mapiritsi kusitolo. Tithamange naye kucipatala tsiku lomwelo. Akatuluka, timthandize kumwa fluconazole wa mlingo waukulu kwa masabata 8, kenaka wa mlingo wocepa kwa caka cathunthu kapena kupitirira, kufikira dokotala atamuuza kuleka. Ndipo pamene tili pambali pa bedi la wodwala, tisacite manyazi kufunsa dzina la yisiti imene yapezeka ndi dzina la mankhwala amene akuperekedwa. Paja akulu anati safunsa anadya phula.