Mphunzitsi wa Kutali ndi Masiku Ake a Tchuthi

Mwezi uno tikambe mlandu umene umveka kawirikawiri m'midzi mwathu, ndiwo wa ana athu ophunzitsa sukulu ku maiko a eni. Sukulu zikatsekedwa, makolo ayamba kuyang'ana kunjira, nati, "Lero kapena mawa afika." Koma m'malo mwa mwana ifika kalata yonena kuti iye ali pa ulendo wochezera abwenzi ndi kuona malo. Pamenepo mitima iwawa, ndipo ena afulumira kunena kuti mwanayo wasanduka mtchona.

Taona kalata yotere ya mphunzitsi wina wa kuno kwathu amene aphunzitsa ku Uganda, ndipo makolo ake atilola kunena za m'katimo. Ku Uganda tchuthi chachikulu chigwa mu Disembala ndi Januwale, nyengo imene kuno khasu lili m'manja ndipo udzu uli kulimbana ndi chimanga. Tsono amai ake podandaula sanalakwe ai. Mwana amene adziwa kuti sabwera ayenera kunena msanga, natumiza kanthu kolipira aganyu, asanagule tikiti yokaonera nyanja. Lamulo lachinai la Mulungu silipita ku tchuthi. Pa ichi tamdzudzula mphunzitsiyo, ndipo sitibweza mau.

Koma kuti ulendo wake unali wachabe, ife tikana.

Poyamba anapita ku Kampala kukaona banja lina la kwathu limene mwana wao anali kudwala. Inu amene simunagone kunja kwa dziko lanu simuidziwa njala ya chinenero. Munthu akhoza kukhuta ndi kuvala bwino, koma akatha miyezi itatu wosamva wina akuti, "Mwadzuka bwanji?" mtima uuma. Anakhala nao masiku anai, anadya nsima pamodzi, nachita korona madzulo m'chinenero chathu. Kuzonda odwala ndiyo ntchito ya chifundo, ngakhale kuno ngakhale kutali. Sanakhalitse, pakuti mlendo ndi mame. Anachezeranso aphunzitsi anzake, eni dziko, amene anampatsa nthochi zophika m'masamba zimene iwo azitcha matoke. Atero kuti anakhuta ndithu, koma m'mimba munali kufunsabe nsima. Abale athu a ku Karonga, odya mbalaga, adzamseka.

Atachoka apo analowera kum'mawa, mamailosi ngati 50, nafika ku Jinja, kumene mtsinje wa Nile utuluka m'nyanja ya Victoria. Madzi amene anawaona akutuluka pamenepo ayenda kufikira ku Ejipito, dziko limene Mose anabisidwa m'mabango ali khanda, ndi kumene Yosefe Woyera anathawira ndi Maria ndi Mwana Yesu. Mphunzitsi amene waima pa gombe la mtsinjewo sadzauphunzitsanso ngati mzere wojambulidwa pa mapu, ndipo ana adzamva kusiyana kwake.

Koma chimene chadzaza kalata yake ndi Namugongo, mamailosi ngati 10 kuchokera ku Kampala, malo amene anafera Amaritiri a ku Uganda. Tamverani nkhani yake, pakuti ambiri a ife tidziwa maina ao okha.

Abambo a White Fathers anafika ku Uganda chaka cha 1879, nayamba kuphunzitsa pafupi ndi bwalo la mfumu. Chaka cha 1882 zinthu zitavuta anachoka, natsidya nyanja, osabweranso kufikira 1885. Ganizani bwino, inu makolo: pafupifupi zaka zitatu popanda wansembe, popanda Misa, popanda Ukaristia. Ndani anasunga chikhulupiriro? Akristu eni ake, anthu obatizidwa chatsopano, amene anali kuphunzitsana katekisimu m'nyumba zao. Mmodzi wa iwo ndiye Andrew Kaggwa. Iyeyu anagwidwa ukapolo ali mnyamata ku dziko la Bunyoro, nakhala mkulu wa oimba ng'oma ndi malipenga a mfumu. Anabatizidwa chaka cha 1882. Anaphunzitsa mkazi wake ndi anthu ambiri, nasamala odwala pa nthawi ya mliri. Abambo pobwerera anapeza nkhosa sizinamwazike, koma zachuluka.

Mfumu Mwanga inapsa mtima chifukwa anyamata otumikira m'nyumba mwake anakana zonyansa zimene inafuna kuchita nao, nakananso kuleka kupemphera. Mkulu wao, Charles Lwanga, pozindikira kuti imfa yayandikira, anabatiza usiku anzake amene anali akali ophunzira, ndipo pakati pao panali Kizito, mwana wa zaka ngati 14. Pa 26 Meyi 1886 mlandu unagamulidwa ku Munyonyo, m'mbali mwa nyanja. Andrew Kaggwa anaphedwa pomwepo tsiku lomwelo: anamdula mkono, namdulanso mutu. Anyamata aja anawamanga nawayendetsa pansi kufikira ku Namugongo, kumene anadikira sabata yathunthu anthu ali kusonkhanitsa nkhuni. Pa 3 Juni 1886, tsiku la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, anawakulunga m'mabango nawatentha. Pa moto womwewo anaferanso Akristu a mpingo wa Anglican, ndipo ichi tisachiiwale.

Eklezia awerenga Amaritiri 22 a nthawi imeneyo. Papa Benedict XV anawatchula Odala chaka cha 1920, ndipo Papa Paul VI anawatchula Oyera chaka cha 1964, nadza yekha ku Uganda chaka cha 1969. Tchalitchi chachikulu cha ku Namugongo chinamangidwa chozungulira ngati nyumba za makolo athu, ndipo chaima pa mizati 22. Altare ili pa malo enieni amene Charles Lwanga anatenthedwa. Pa 3 Juni anthu afika kumeneko osawerengeka, ena atayenda pansi masabata angapo; koma mphunzitsi wathu anapita mu Januwale, napeza malo ali zii, nagwada nthawi yaitali popanda womkankha.

Alemba kuti pogwada pamenepo anakumbuka ana a m'kalasi mwake, pakuti ambiri a iwo msinkhu wao ulingana ndi wa Kizito. Iye anali kuwayesa ana osadziwa kanthu, oyenera ndodo ndi masamu basi. Anamvanso kumeneko chimene sanachidziwe kale, kuti Andrew Kaggwa Woyera ndiye nkhoswe ya aphunzitsi, ya akatekisiti ndi ya mabanja. Ife tiganiza kuti ngakhale anakapeza ichi chokha, ndalama ya basi sinatayike.

Dziko la Uganda silili kutali ndi ife monga muyesera. Gulu lomwelo la White Fathers linafika kwa Mponda, ku Mangochi, chaka cha 1889, patapita zaka zitatu zokha chiferere anyamata aja. Linachoka chaka cha 1891 ntchito italephereka, koma linabweranso nilikhazika misioni ya Mua chaka cha 1902, Abambo a Montfort atayamba kale ku Nzama chaka cha 1901.

M'kalata momwemo mphunzitsiyo anaikamo chithunzi cha Andrew Kaggwa Woyera, napempha kuti chiperekedwe kwa katekisiti wokalamba amene anamphunzitsa Atate Athu ali mwana. Mkuluyo wakana kuchisunga m'nyumba mwake, ndipo wachipachika m'tchalitchi cha kumudzi kwao, pafupi ndi khomo, pamene ana akhala pophunzira katekisimu.