Asilikali ndi Magetsi Awoawo: Gawo Loyamba

Munthu wokhala pa boma la Mzimba, pa Jenda kapena ku Embangweni akayatsa getsi madzulo, kaŵirikaŵiri saganiza za mtunda umene mphamvuyo yayenda. Magetsi ambiri a m'dziko muno amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amafika ku Mpoto pa nthambo zotalika makilomita mazanamazana. Makina a pa Wovwe ku Karonga amapanga mamegawati 4.5 okha. Asilikali a ku Moyale Barracks mu mzinda wa Mzuzu nawonso amadalira nthambo zomwezo.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mu Januwale chaka cha 2022, namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasoŵa kwa nthaŵi yoposa chaka. Pa ngozi zotere ndi pamene asilikali amafunika koposa, monga zinaonekera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene anatumidwa kukapulumutsa anthu. Tsono wailesi zotumizira mauthenga, chipatala ndi mipope ya madzi ya pa kampu zingagwire ntchito bwanji magetsi atazima?

Ena angati majenereta alipo. Komatu dizilo amachokera kutali, kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikachepa, jenereta imangokhala chitsulo chabe.

Dzuŵa lokha silidikira doko. Ku America, kampu ya asilikali a m'mlengalenga ya Nellis inayamba kukolola mamegawati 14 kuchokera ku dzuŵa m'chaka cha 2007. Kuno kwathu, malo a ku Golomoti m'boma la Dedza, amene anatsegulidwa mu 2022, amapanga mamegawati 20 ndipo ali ndi mabatire osungira mphamvu. Vuto lake ndi lakuti zipangizozi zimafuna ndalama zambiri poyamba, ndiponso amisiri odziŵa kuzisamala.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu. Kampu yodzidalira idzafuna amisiri a magetsi, ndipo luso lomwelo ndi limene lingaunikire zipatala ndi sukulu za kumwera kwa Mzimba usiku wamdima.

Gawo lotsatira lidzakamba za nkhuni ndi nkhalango ya Chikangawa.