Chikomekome cha Mkuyu ndi Nyali za Panja pa Mulanje

Akuluakulu akale ankati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ankaunenera mnyamata wotengeka ndi nkhope pofuna mbeta, koma lero ukuyeneranso munthu wogula nyali yoika pakhonde kapena pageti. M'masitolo a pa Mulanje Boma, ku Chitakale ndi ku Limbe muli nyali zonyezimira zamagetsi ndi za sola, zina zotsika mtengo kwambiri. Zambiri mwa izo zikangodutsa dzinja limodzi, dzimbiri limayamba kutsika pakhoma ngati misozi yofiira, galasi limadzaza madzi, ndipo khomo limabwerera mumdima.

Chifukwa chake ndi nyengo ya kuno. Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yochuluka m'Malawi, n'chifukwa chake tiyi anamera bwino chiyambire kudzalidwa kwake m'zaka za m'ma 1890. Dzinja likatha, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mawawa ndi nkhungu zomwe mphepo imanyamula kuchokera ku nyanja yamchere ya India, kudutsa ku Mozambique komwe kuli phiri la Chiperone, n'kudzagunda phiri la Mulanje. Motero chitsulo cha panja chimakhala chonyowa miyezi yambiri pachaka, ndipo chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, dzimbiri silichedwa. Adzukulu amene akukhala ku Quelimane, Beira, Durban kapena Cape Town amaziona zoposa pamenepa, pakuti mpweya wa m'mbali mwa nyanja umanyamula mchere, ndipo mcherewo umafulumizitsa dzimbiri. Walira mvula walira matope: wokonda kubiriwira kwa Mulanje avomerenso chinyezi chake.

Makolo pomanga nyumba kapena nkhokwe sankadula mtengo uliwonse. Mzati ankafuna wa muwanga chifukwa chiswe sichiugonjetsa msanga, ndipo mkungudza wa m'phiri unkalemekezedwa chifukwa suola msanga, mpaka anthu anaudula mopyola muyeso ndipo lero watsala pang'ono kutheratu. Iwo ankayamba ayang'ana malo, kenaka n'kusankha chomangira. Nzeru yomweyo ndiyo ikufunika posankha nyali.

Choyamba kufunsa ndi chimene nyaliyo inapangidwira. Chitsulo wamba chopakidwa penti ndicho chofooka koposa, chifukwa penti ikangokalika pang'ono dzimbiri limalowa n'kumadya chapansipansi. Chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga malata ofolerera nyumba, chimapirira kwa zaka zingapo. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, ngakhale kuti kunyanja yamchere amatuwa ndi kuboola timaenje ngati sanakutidwe bwino. Mkuwa umasintha mtundu n'kuda kapena kubiriwira, koma kusinthako ndi chikopa chomwe chimauteteza, ndipo umakhala zaka zambiri. Chitsulo chotchedwa stainless steel chili ndi mitundu: cha nambala 304 chimakwanira malo achinyezi ngati Mulanje, pamene cha 316 ndicho choyenera nyumba za m'mbali mwa nyanja yamchere. Pulasitiki wolimba sachita dzimbiri n'komwe, koma ayenera kukhala wopangidwira panja, apo ayi dzuwa la mwezi wa Okutobala limamuumitsa mpaka kung'aluka.

Chachiwiri ndi zilembo za IP zolembedwa pakatoni kapena kumbuyo kwa nyali. Nambala yoyamba imanena za fumbi, yachiwiri za madzi. Nyali ya IP44 imapirira madzi owaza, ndipo ndi yoyenera pakhonde lofoleredwa. Ya IP65 silowa fumbi ndipo imapirira madzi othiridwa mwamphamvu, choncho ndiyo yoika pageti, pampanda kapena panjira yopita kuchimbudzi. Komabe zilembozi sizinena kanthu za dzimbiri, n'chifukwa chake mafunso awiriwa ayenera kufunsidwa onse. Safunsa anadya phula.

Chachitatu ndi tinthu ting'onoting'ono timene ambiri satiyang'ana. Nyali yabwino ikamangidwa ndi misomali yachitsulo wamba, misomaliyo ndiyo imayamba kudyeka mpaka nyali kulendewera pawaya. Zitsulo ziwiri zosiyana, monga aluminiyamu ndi mkuwa, zikakhudzana pamalo onyowa, chimodzi chimadyeka msanga. Kamphira kotseka pakati pa galasi ndi thupi la nyali kayenera kukhala kathunthu, ndipo waya alowere chapansi, atapindidwa pang'ono kuti madzi adonthe asanafike m'kati. Panyali ya sola, batire ndi timawaya take ndizo zimafa poyamba madzi akalowa. Ntchito yolumikiza kumagetsi a ESCOM ndi ya mmisiri wodziwa, chifukwa madzi akalowa m'nyali yachitsulo, mwana wogwira geti akhoza kugwidwa ndi magetsi.

Ena anganene kuti ndalama zavuta, ndipo nyali yotsika mtengo ndiyo munthu angakwanitse. Mawuwo ali ndi nzeru, koma wogula nyali yofooka chaka ndi chaka amalipira kambiri, kuphatikizapo mmisiri ndi penti yokonzera khoma. Kuli bwino nyali imodzi yolimba pamalo ofunikira kusiyana ndi zinayi zofa dzinja lisanathe. Namondwe wa Freddy wa m'mwezi wa Malichi 2023, yemwe anasakaza kwambiri Mulanje ndi Phalombe, anaonetsa kuti usiku wamvula yoopsa, magetsi atazima, nyali ya sola yosalowa madzi imatha kuonetsa banja njira yothawira.

Mdzukulu wotumiza nyali kwa agogo kumudzi akumbukire kuti mphatsoyo cholinga chake n'chakuti nkhalamba isapunthwe pamwala kapena kuponda njoka potuluka usiku. Asanapereke ndalama aitembenuze, awerenge zolembedwa, agwire misomali yake, afunse wogulitsa, ndipo akaimangirira azikumbukira kuipukuta ndi nsalu yonyowa kangapo pachaka. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo nyali yosankhidwa modekha imakoma pamene chiperoni chachitatu chadutsa iyo ikuyakabe.