Ng'ala ya amayi ndi nkhani ya lenzi ya toric

Ukakhala mwana wapantchito m'banja, nkhani za chipatala zimafikira pa foni yako. Amayi sakuonanso bwino, adokotala akuti ndi ng'ala, ndipo pagulu la WhatsApp la banja achimwene a ku Johannesburg alemba kale kuti “muwauze aike toric”. Ena onse angoti ziii, poti sakudziwa kuti toric n'chiyani.

Ng'ala ndi kuchita mbuu kwa lenzi ya mkati mwa diso. Pa opaleshoni adokotala amaichotsa n'kuikapo ya pulasitiki, luso lomwe Harold Ridley analiyamba ku London mu 1949. Koma kutsogolo kwenikweni kwa diso kuli kagalasi kena, kotchedwa cornea. Kwa ena kagalasika kamapindika kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, ngati kumsana kwa supuni. Imeneyo ndiyo astigmatism: zilembo zimaoneka ngati zili ndi mthunzi, nyali za galimoto usiku zimachita michira. Lenzi wamba imathetsa ng'ala koma vutoli imalisiya momwemo. Ya toric ili ndi mphamvu zosiyana m'mbali ziwirizo, ndiye imakonza zonse nthawi imodzi.

Komatu ili ndi mwambo wake. Diso liyenera kuyezedwa ndi makina opaleshoni isanachitike, ndipo lenziyo ikhale moloza ndendende pomwe muyezo wanena. Ikatembenuka ndi digiri imodzi yokha, pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yokonza astigmatism yapita; ikafika madigiri 30, yonse yapita, ndipo pangafunike kubwereranso ku fiyeta kukaiwongola. Ngati cornea ili ndi zipsera, kaya za trachoma kaya za chitsotso chakale, toric siithandiza kwenikweni. Ndiponso mtengo wake ndi wokwera kuposa lenzi wamba.

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi achimwene aja. Sindikuona nzeru kusunga mayi mumdima miyezi isanu ndi umodzi banja likusonkherana ya toric, pomwe ku Nkhoma kapena ku Lions Sight First ku Blantyre amachotsa ng'ala n'kuika lenzi wamba, munthu n'kuyambanso kuzindikira nkhope za adzukulu. Astigmatism yotsalayo magalasi amaikonza, ndipo ndi otsikirapo mtengo. (Inde, tikudziwa, amayi ena magalasi amangokhala m'chikwama.)

Toric imapindulitsa amene cornea yake yapindika kwambiri ndipo akufuna kuona patali popanda magalasi, mwachitsanzo bambo amene akuyendetsabe galimoto. Ngati ndi choncho, kambiranani opaleshoni isanachitike, chifukwa kusintha lenzi yomwe yakhazikika kale m'diso ndi ntchito yovuta. Funsani adokotala kuti muyezo wa cornea watuluka bwanji. Nthawi zambiri toric amayamba kuiganizira astigmatism ikafika dayoputa imodzi kapena kuposerapo. Muwauziretunso amayi kuti ngakhale aike toric wamba, powerenga Baibulo kapena polowetsa ulusi pa singano magalasi adzafunikabe.